720720, pa Msewu wa ku Oruro

Tinali titangodutsa Patacamaya,
dzuwa likuwala koma osatenthetsa,
pamene mayi wa pampando wakutsogolo anandigwira mkono:
"Adalaivala, imani. Imani pomwepo."
Ndinkayesa m'mimba mwawatembenuka.
Ayi ndithu, chala chili pa kagalasi kowerenga mtunda.
720720.

Makilomita amenewo.
Zaka makumi awiri ndi zitatu, injini yachitatu,
mkazi wanga yemwe ndinamusiya m'manda a ku El Alto,
mawondo awa amene amalira ngati chitseko.
Ine ndinangoona ukalamba wa minibasi.
Mayi Eulogia Ticona,
amene choko chinawadya zala m'sukulu za ana a m'migodi,
anaona mlendo wolemekezeka.

Anatembenukira okwera, mpweya ukufuka pakamwa:
"Nambala iyi ilibe tsankho.
Igaweni pawiri, ilola. Patatu, ilola.
Panayi, pasanu, mpaka sikisitini,
palibe wotsala ndi nyenyeswa m'manja,
ndipo yaing'ono kuposa iyi yochita zimenezi kulibe."
Bambo wina wonyamula thumba la mbatata zouma anati,
"Ndiye tichedwe chifukwa cha masamu?"
Koma sanachotse maso pa kagalasiko.

Mwana wanga Wara, woitanira komanso wotolera ndalama,
anawapatsa bolopeni ndi kuseri kwa lisiti ya dizilo.
Anaisenda ngati anyezi:
awiri anayi, atatu awiri,
kenako faifi, seveni, leveni, satini,
mafupa amene sathyokanso.
"Ndi 720 wochulukitsidwa ndi 1001,
n'chifukwa chake ikudzitchula kawiri ngati wachibwibwi.
Oigawa bwinobwino alipo 240,
m'munsi mwake simupeza ina ya abale ochuluka chotere.
Muwaphatikize onsewo, mwiniwake mumuike pambali,
aposa mwiniwakeyo katatu ndi theka.
Zoterezi timati nambala za mwanaalirenji."

Ndinafunsa ngati ili ndi chilema.
Anaseka, dzino lagolide likuoneka.
"Inkafuna kukhala bwalo la mbali zofanana,
849 uku, 849 uko,
koma inaperewera ndi 81.
Ndani sanapereweko?"

Wara anawerenga mitu. Sikisitini, ine ndi iye momwemo.
Aliyense makilomita 45045,
nambala inanso yachibwibwi.
Wa mbatata uja anati ake awapereka kwa apongozi ake
kuti apite nawo kutali.
Tinaseka mpaka magalasi anachita nthunzi.

Apo m'pamene nsalu ya mizeremizere kumsana kwa mtsikana wakumbuyo
inagwedezeka, n'kulira.
Khanda. Sitinaliwerenge.
Seventini.
Mayi Ticona anaweramanso pa lisiti, milomo ikuyenda,
nati chapansipansi: "Atsala asanu."
Makilomita asanu opanda mwini,
oti sungawagawe popanda kuwaduladula.

Palibe anayankhula.
Mphepo inkakankha udzu wouma wa m'chipululu,
lole ya miyala ya mumgodi inatipitirira ikuliza hutala.
Ine ndimawadziwa asanuwo.
Ndi aja a kuchokera kunyumba kukafika kuchipatala
usiku umene ndinayendetsa mopanda okwera,
Wara atagwira mutu wa mayi ake pamiyendo,
maloboti onse ofiira ine osaima.
Amenewo musagawane. Ndi anga.

Sindinanene mokweza.
Ndinangoliza injini, inatsokomola kawiri n'kuvomera.
Tisanafike pa mlatho wotsatira
ziro wakumapeto anagudubuka, wani n'kukwera.
720721.
Mayi Ticona anapinda lisiti, naiika m'chipewa.
"Iyi," anatero, "muigawe pawiri, patatu, mpaka sikisitini,
nthawi zonse mmodzi azitsala panja."

Wara anatsegula zenera ngakhale kunkazizira,
n'kuyamba kuitanira anthu a ku Caracollo
tikadali kutali, kopanda ndi nyumba yomwe.